Phazi la a Dalaivala

Amuna anga anasiya kuyendetsa malole kalekale, koma aliyense amawaitanabe kuti a Dalaivala, ndipo nane ndimatero ndikapsa mtima. Ndi munthu woti akakwera basi amakhala kuseri kwa woyendetsa n'kumasintha magiya m'malere ndi dzanja lawo, kwinaku akupukusa mutu. Takhala limodzi mpaka imvi zatimera tonse, koma sindinawamvepo akuyamikira kayendetsedwe ka munthu wina. Uyu akuthamanga, uyo akuwotcha mabuleki, winayo laisensi anachita kutola panjira. Wodziwa galimoto padziko pano ndi iwo okha.

Mwana wathu wotsiriza ndi wamkazi, ndipo timangomuitana kuti Mzime ngakhale kuti pano ndi munthu wamkulu, wa ntchito yake ndi nyumba yake. Mwa ana athu onse, ndi yekhayu amene anatengera bambo ake kukonda zitsulo. Ali wamng'ono ankakhala pamiyendo pawo n'kumagwira chiwongolero cha lole yoima, pakamwa akuliza injini, malovu ali chuchuchu. Lero amagwira ntchito yoyeza malo, yomwe imamufikitsa kumapiri ndi m'matope momwe galimoto wamba singayerekeze kulowa. N'chifukwa chake anagula chigalimoto chachitali, chokoka ndi matayala onse anayi, chosintha chokha magiya, tayala lapadera litapachikidwa pachitseko chakumbuyo.

Tsiku limene anabwera nacho kudzationetsa, a Dalaivala anachizungulira manja ali kumbuyo, kenaka anasuzumira kumapazi. Kilatchi panalibe. Anapapasa pakati pa mipando kufunafuna ndodo ya handibuleki, ija amati akaikoka imalira kuti krrr, koma anangopezapo kabatani kochepa ngati chikhadabo.

"Kameneka n'kamene kagwire chinthu chonsechi?"

"Kamagwira, ababa," anatero Mzime. "Mukakakokera m'mwamba ndi chala, apa pamayaka nyali yofiira, ndiye kuti matayala akumbuyo amangika. Ponyamuka simukakhudza n'komwe. Bola mwamanga lamba, chitseko n'chotseka, galimoto ili m'giya, mukangoponda moto kamamasula kokha."

"Chomasula chokha si buleki chimenecho," anatero bambo ake. "Buleki imamvera dzanja la mwini wake." Zotsalazo sanazimve, chifukwa anali atayamba kale kugogoda matayala ndi nsapato.

Nthawi imeneyo tinkamanga kanyumba kathu kokhalamo paukalamba, m'mbali mwa phiri momwe malo anali atangogawidwa kumene. Oyandikana nawo anali asanasamukire. Kumanzere kunali maziko okhaokha, kumanja makoma opanda denga, ndipo nyumba zokhala anthu zinali kumunsi kwenikweni. Malo athuwo ndi otsetsereka koopsa. Kuchokera pamsewu, kanjira ka timiyala kamatsika mowongoka m'mbali mwa nyumba n'kukathera pakhoma la mpanda, pafupi ndi kashedi kosungiramo simenti. Khomalo a Dalaivala analiyang'anira okha pomanga, anathiritsa konkire m'mabowo onse a njerwa zake, ndipo ankauza aliyense kuti ngakhale lole italigunda silingagwe.

Tsiku lina mvula inagwa m'mawa wonse, amisiri sanabwere. Masana kutayera pang'ono, Mzime anafika ndi matumba a simenti odzaza kumbuyo konse, galimoto itachita kukhala pansi. Masiku ena ankaima pamsewu amisiri n'kusenza matumbawo. Koma tsopano tinalipo atatu okha, awirife misana inatha kale, ndipo mitambo inali ikusonkhananso. Panafunika kutsitsa galimoto cham'mbuyo mpaka pakashedi.

Mzime anayang'ana kanjirako n'kuluma mlomo. A Dalaivala anaona mpata.

"Bweretsa kuno makiyi. Livesi ndiye chakudya changa. Ndatsitsa malole a matabwa m'malo oti iwe sungatsikemo ndi miyendo."

"Usawapatse," ndinatero ine. "Galimoto zawo zinapita ndi nthawi yawo."

"Inu mwayendetsapo chiyani, Mayi? Ndi wilibala yomwe imakugwetsani."

Mzime anaseka, ndipo ndinadziwa kuti ndagonja. Mwanayu bambo ake sawakaniza kanthu. Anawakhazika pampando, anawamangitsa lamba, anawasonyeza chilembo cha R chobwerera m'mbuyo, cha D chopitira kutsogolo ndi cha P choimikira, iye n'kutsikira kumunsi kuti aziwakodola ndi manja.

Zoona zake, anaitsitsa mokoma. Maso ali pagalasi lam'mbali, dzanja limodzi pachiwongolero, mlomo atautukula ngati akuchita zopanda ntchito. Ine ndinkayenda pambali pa zenera lawo ndi ambulera, kudikirira kuti alakwitse ndiwaseke, koma sanalakwitse. Anaima patatsala mpata wokwanira kutsegula chitseko chakumbuyo.

"Basi, pomwepo!" anakuwa Mzime. "Kokani kabatani, muike pa P, muzimitse!"

"Ndamva, ndamva," anatero bambo ake.

Kabatani anakokadi, ndipo kumatayala akumbuyo kunamveka kakulira ka ziii. Mzime atamva zimenezo analowa pakati pa galimoto ndi khoma kuti atsegule chitseko. Koma pa P sanaike. Kwa a Dalaivala, galimoto yoima pamtsetse imazimitsidwa ili m'giya, ndipo lamulo limeneli analiphunzira asanandikwatire. Panalinso chizolowezi china cha kumalole. Asanazimitse injini, amayamba aponda kilatchi n'kupatsa moto kamodzi, vuum, ati kuti mafuta atsale m'mapaipi, mawa idzalire msanga. Phokoso limenelo ndi limene kale linkandiuza kuti bambo afika, nditereke madzi osamba. Ndinaona bondo lawo lamanzere likutsika, kuponda pansi popanda kanthu. Ndinaona lamanja likusuntha. Pakamwa panga panatseguka mochedwa.

Vuum.

Kabatani kanachita ntchito yake. Lamba anali womanga, chitseko chotseka, giya ya livesi, moto wapondedwa, ndiye kanamasula. Galimoto inalumphira kumbuyo ndi simenti yake yonse. Sikunamveke kugunda kwa chitsulo. Kunangomveka liwu limodzi lalifupi, "Hii," kenaka matayala anakhuluza timiyala n'kuima. Phazi la a Dalaivala linali litafika pa buleki. Pa chimenecho chokha ndiwayamikire, phazi lawo linali lisanakalambe.

Ambulera sindikudziwa kumene inagwera. Mzime ndinamupeza ali chiimire, msana uli kukhoma, tayala lapadera lija litamupana kuyambira pachifuwa mpaka pamimba. Nkhope inayang'ana kumbali kwanga. Dzanja limodzi linali litapanidwa, linalo linkapalasa mphira wa tayala. Zala za kumapazi zokha ndi zimene zinkakhudza pansi. Magazi sindinawaone, ndipo zimenezo zinandiopsa kuposa ndikanawaona. Maso ali tong'o, ankakoka timpweya tating'onoting'ono, tothera pakhosi.

Ndinamugwira dzanja n'kukoka. Nkhope yake inandiuza kuti ndisiye, ndipo ndinasiya. Ndinakankha galimoto ndi phewa, uchitsiru weniweni, nkhalamba kulimbana ndi simenti. Ndinakuwa kuti tithandizeni, ndinakuwanso, koma anandiyankha ndi makoma opanda madenga aja.

"Mayi! Mayi! Ndamupha?" A Dalaivala anali atamasula lamba, atatsegula chitseko, thupi litapendekera kunja monga ankachitira pa lole, koma kumbuyo sankatha kuonako.

Milomo ya Mzime inkagwedera. Ndinaika khutu pakamwa pake.

"Asachotse... phazi."

Ndinathamangira kuchitseko. "Ali moyo. Akuti musachotse phazi pa buleki. Mukangochotsa, ndikuphani ndi manja angawa."

"Ndizimitse injini?"

Ndinabwerera kukafunsa. Liwu lililonse linkamudyera mpweya womwe analibe, ndipo pomufunsa ndinkadzimva ngati ndikumubera.

"Asazimitse," ananong'ona. "Akoke... kabatani."

"Ayi!" anakuwa a Dalaivala nditawauza. "Kameneko n'kamene kachita zimenezi! Ikani miyala kumatayala, Mayi, miyala!"

Miyala yaikulu panalibe, amisiri anali ataithera m'maziko. Panali mulu wa njerwa zonyowa ndi mvula. Ndinanyamula zomwe manja anatha, ndinagwada m'matope, n'kuzikankhira kuseri kwa matayala akumbuyo ndi chidendene. Sizinakhale bwino. Pakati pa njerwa ndi tayala pankatsalabe kampata kolowa chala, ndipo mwana wanga analibe mpata wa chala woti apereke.

"Phwetsani tayala lamupanalo! Chotsani mpweya!" anakuwanso a Dalaivala.

Ndinapapasa kufuna kamlomo kopopera, koma kanali kuseri kwa thupi lake, komwe dzanja silikanalowa. Ndinatola msomali n'kubaya mphirawo, msomali n'kupindika. Ndinaona nyundo ya amisiri pakhomo la kashedi, ndinainyamula n'kumenya khoma pambali pake ndi mphamvu zanga zonse. Nyundo inadumpha, manja anachita dzanzi, khoma linangotuwa pang'ono pomwe ndinamenyapo. A Dalaivala sananame, khoma lawo linali lolimba. M'thumba la Mzime foni inayamba kuitana, nyimbo yake yosangalala, ndipo panalibe amene akanaifikira.

"Ndiika giya yakutsogolo, ndichotse phazi msangamsanga ndiponde moto." A Dalaivala ankalankhula okha, thukuta likutsikira m'khosi. "Ndachitapo pamapiri, ndi matabwa odzaza. Umagwira handibuleki, umamva injini ikukoka, kenaka umatsitsa pang'ono pang'ono..." Dzanja lawo linapita pakati pa mipando n'kufumbata mphepo. Analiyang'ana dzanjalo ngati si lawo. "Popanda ndodo ibwerera, Mayi. Ndi katundu ameneyu, phazi lisanafike pa moto ibwerera kaye. Pang'ono pokha, koma ibwerera."

Nthawi yomwe tinataya ndi njerwa ndi misomali inali ya mwana wanga, ndipo iye anali atanena kale chochita. Ndinazungulira mbali inayo, ndinalowetsa mutu ndi dzanja pazenera, ine amene sindinagwirepo chiwongolero chibadwire. Poyamba kabataniko ndinakadina, monga timachitira ndi wailesi, ndipo palibe chinachitika. Kenaka ndinakumbukira chala cha Mzime tsiku lija. Ndinalowetsa changa kunsi kwake n'kukoka. Kumbuyo kunalira ziii, ndipo kuseri kwa chiwongolero kunayaka nyali yofiira.

"Yagwira," ndinatero.

"Mwadziwa bwanji? M'dzanja simukumveka kanthu."

"Ndamva ndi makutu. Tsopano ikani giya yakutsogolo."

Anagwira ndodo ya giya n'kuima. "Magalasi anga ali m'jekete, m'nyumba. Tizilembo timeneti sindikutiona bwino. Ndikalakwitsa..."

"Kokani, ine ndiwerenga."

Anakoka kamodzi. "N," ndinatero. Anakokanso. Galimoto inagwedezeka. "D. Ndi D ameneyo, siyani pomwepo."

Ndinathamangira kumbuyo. Nyali zoyera za livesi zinali zitazima, koma tayala linali pomwepo. Milomo ya Mzime inali itatuwa, ndipo dzanja lomwe linkapalasa mphira lija linali litagwa.

"Taika pa D, mwana wanga. Kabatani takoka. Tsopano titani?"

"Lamba," ananong'ona. "Chitseko... atseke. Apo ayi... sikamasula."

"Ndamva. Kenaka?"

"Achotse phazi. Aponde moto... pang'ono. Kabatani... asakakhudze."

"Sibwerera?"

Anafuna kuyankha, koma mpweya unatha. Maso anatembenuka, mutu unagwera paphewa. Ndinamumenya patsaya, ndinamuitana ndi dzina lake lenileni, lomwe pakhomo pathu silitchulidwa n'komwe, koma sanayankhe.

Kuchitseko ndinapeza mwendo wa a Dalaivala ukunjenjemera, bondo likugunda kunsi kwa chiwongolero. Manja onse awiri anali atakanirira chiwongolerocho. Sindinawauze kuti wakomoka, anaona okha pankhope panga. Ndinakoka lamba n'kuwazunguliza pamimba, chitsulo chake chinkangophonya pabowo chifukwa zala zanga zinali zamatope. Chitalowa, ndinakankha chitseko mwaulemu, kuopa kugwedeza galimoto. Sichinatsekeke, chinangokodwa. Ndinatsegulanso, ndinatsinzina, n'kuchimenyetsa. Galimoto inagwedera, njerwa ina kumbuyo inalira thee, koma matayala sanasunthe.

"Tsopano chotsani phazi, muponde moto pang'ono. Kabatani musakakhudze, kamasula kokha."

Sanasunthe.

"Bambo, mwamva?"

"Sindingathe."

"Mukuti chiyani?"

"Phazi ili ndi limene lamugwira mwanayu. Ndikumumva pansi pa phazi langa, Mayi. Mukuti ndimusiye m'manja mwa kanthu kamene sindikukamva, kamene kandipusitsa pompano?"

Ndinawada nthawi imeneyo. Ndinada mutu wawo wouma, makutu awo osamva za mwana, ndi vuum wawo uja yemwe ndinkamudikirira pakhomo ndili mtsikana. Ndinafuna kuwakokera pansi ndikhalepo ine, koma ine sindidziwa n'komwe kuti moto ndi uti, buleki ndi iti. Munthu yekhayo amene akanamuchotsa mwana wanga pakhoma paja anali yemweyo amene anamuikapo, ndipo misozi inali ikumutsika mpaka m'ndevu.

Ndinawagwira kolala kudzera pazenera. "A Dalaivala, ndiyang'aneni. Kanthuko sikanakupusitseni. Munakauza kuti mukupita kumbuyo, ndipo kanamva. Amene simunamve ndinu. Tsopano kauzeni kuti mukupita kutsogolo."

"Nanga kakapanda kugwira?"

"Mwendo wanuwo ugwira mpaka liti? Taonani mmene ukuvinira. Ukatopa uchoka wokha osakufunsani. Ndipo ngakhale usachoke, mwanayo sakupuma. Mukumupha muli chigwirire."

Mawu amenewo anawalasa, ndinaona mmene anaphethirira. Ndikanawanenanso kukanafunika. Anapukuta maso ndi phewa, anayang'ana kumtunda kwa kanjira, anakhazika msana bwino pampando. Manja anamasuka pang'ono pachiwongolero.

"Pitani mukamugwire," anatero motsitsa mawu. "Akamasuka agwa. Mukafika mundiuze."

Ndinapita. Dzanja limodzi ndinalilowetsa m'khwapa mwa Mzime, linalo ndinamugwira mutu, phewa langa lili pakati pa galimoto ndi khoma. Ndinadziwa kuti ikabwerera ititenga tonse awiri, ndipo sindinadandaule nazo. Mvula inali itayamba kuwaza.

"Ndafika!"

Nyali zofiira za buleki, zomwe zinkandiwalira kumaso, zinazima. Galimoto inalira m'zitsulo zake n'kutsamira kumbuyo. Ndinamva mphira ukukanikiza dzanja langa pamodzi ndi nthiti za mwana, ndipo njerwa yong'aluka ija inaphwanyika. Koma galimoto sinapitirire. Inakhazikika pa matayala akumbuyo n'kuima, popanda phazi la munthu aliyense.

Injini inkangolirira pansipansi. Phazi linali litachoka pa buleki, koma pa moto linkaopa kufika, poti pomaliza kupondapo linapana mwana.

"Pondani!" ndinakuwa mpaka kukhosi kunawawa. "Pondani, bambo inu!"

Injini inayamba kukwera, osati ndi vuum, koma pang'onopang'ono, mosamala, monga amadziwira munthu amene wathera moyo wake pamsewu. Galimoto yonse inanjenjemera, kutsogolo kukukoka, kumbuyo kukugwira. Ndinayamba kuganiza kuti chitseko sichinatsekeke bwino, kapena lamba wamasuka, kapena ndinawerenga chilembo molakwika. Kenaka pafupi ndi bondo langa panalira ziii. Tayala linachoka pachifuwa. Silinayambe labwerera ayi, linangochoka, ndipo Mzime anandigwera yense, tonse n'kukagwa m'matope.

Galimoto inakwera pang'ono n'kuima pakati pa mtsetse, nyali zofiira n'kuyakanso. Inali ikadali pamwamba pathu ndi simenti yake. Mphamvu sindikudziwa kumene ndinazitenga. Ndinamugwira m'khwapa n'kumukokera kuseri kwa kashedi, kutali ndi njira ya matayala, ndipo ndinamugoneka chagada. Nkhope inali yotuwa, kukamwa kuli yasa, pamalaya ake padindika zilembo za tayala. Chifuwa sichinkayenda.

"Mayi!" Mawu anachokera kumtunda. "Mayi, ali bwanji?"

Ndinamumasula mabatani a pakhosi, ndinamupukuta mvula kumaso, ndinamutseka mphuno n'kumuuzira mpweya wanga m'kamwa monga ndinaonera anamwino akuphunzitsa. Chifuwa chinakwera, chinatsika, chinakhala chete. Ndinauziranso. Ndinamutukwana, ndinamunyengerera, ndinamulonjeza zinthu zopanda pake zimene munthu amalonjeza khanda lokana kugona. Ndinauziranso, mutu ukundizungulira.

"Mayi! Pagalasi ndikungoona khoma! Muli kuti? Ndiyankheni!"

Kutsika sakanatha. Phazi linali litabwerera pa buleki, ndipo sakanalichotsanso asakudziwa pomwe tili.

Kenaka m'khosi mwa Mzime munatuluka phokoso loipa, ngati mpopi wouma madzi akamabwerera. Sindinamvepo phokoso lokoma chotero. Anatsokomola, anapinda miyendo, dzanja linapita kunthiti, nkhope n'kukwinyika ndi ululu. Anakoka mpweya wina, wautali, wolira. Maso anatseguka, anayendayenda, n'kundipeza.

"Usalankhule," ndinamuuza. "Ingopuma. Puma basi, mwana wanga."

"Mayi a ana anga, chonde!" Mawu a kumtunda aja anali atasasa, osakhalanso a munthu amene ndimamudziwa. "Ngati wapita ingondiuzani. Musandibisire. Ndiuzeni ndidziwe."

Ndinkawamva bwinobwino. Koma mkwiyo unali usanandichoke, ndipo ndinkafuna kuti akhale momwemo kaye, alaweko zimene ndinalawa ine nditagwada apa. Ndinapitiriza kupukuta matope m'tsitsi la mwana wanga. Iye anandigwira chala, mofooka, n'kuchigwedeza.

"Amayi," ananong'ona, akupumira pakati pa mawu. "Ayankheni... ababa."

Ndinaimirira, ndinatulukira pakona ya kashedi pomwe galasi lawo likanandiona, n'kukweza manja onse awiri.

"Akupuma!" ndinakuwa. "Akupuma, akufunsa za inu!"

Mutu wa imvi uja unagwera pachiwongolero, ndipo hutala inalira. Inalira osalekeza, kudutsa maziko ndi makoma onse a m'phirimo, mpaka kumunsi agalu anayamba kuuwa, anthu n'kutuluka m'nyumba zawo kuthamangira kumtunda. Iwo sanadzutse mutu. Mapewa okha ndi amene ankagwedezeka, nyali zofiira za buleki zili chiyakire.